Dzanja Lamanja la a M'thumba

Kwa mayi a m'nyumba, kwa mwana wawo wamkazi kulikonse kumene uthenga uno uwapeze, kwa abale onse, ndiponso kwa anthu a dziko lino.

Ife a Bungwe la Akazembe ndi Alembi Opuma talandira ndi mitima yosweka, komanso ndi nkhope zogwa, uthenga wa imfa ya mkulu wathu ndi mphunzitsi wathu, amene tonse m'ntchito yathu tinkawatchula kuti a M'thumba. Anatisiya Lachiwiri m'mawa ali pampando wawo wa pakhonde, wailesi ili chiyankhulire, nyuzipepala ili pamiyendo. N'zoona kuti anali atakalamba, ndipo miyendo inali itayamba kale kuwakana, koma imfa ilibe kuzolowereka: ngakhale muione ikubwera chapatali, ikafika imakudzidzimutsanibe.

Uthenga uno utalika kuposa mmene mauthenga a chipepeso amakhalira, ndipo tikupempha kuti mutipirire, pakuti pali chifukwa. Malemuwa asiya mwana mmodzi yekha, mphunzitsi amene amakhala kutsidya kwa malire, ndipo mwanayo sanayankhulane ndi bambo ake kuyambira ali mtsikana. Atamva za malirowa watumiza mawu akuti sabwera. Mayi ake atipempha kuti tilembe zimene iwo alephera kunena pakamwa, kuti mwina mwanayo akawerenga angasinthe maganizo bokosi lisanatsekedwe. Choncho ngakhale tikulembera dziko lonse, maso athu ali pa munthu mmodzi.

Tiyambe ndi ntchito, monga mwambo wa mauthenga otere ufunira. A M'thumba analowa mu unduna woona za ubale ndi mayiko ena dziko lathu litangolandira ufulu, pamene unduna wonse unkakwana m'zipinda zitatu ndipo makina olembera anali amodzi, olandizana. Anali m'gulu la anyamata oyamba kutumizidwa kunja, ndipo ofesi yathu yoyamba ya kutsidya kwa nyanja anaitsegula ndi tebulo lobwereka ndi mbendera imene anainyamula m'sutikesi, pakati pa malaya. Ndi iwo amene anakhala miyezi yambiri pa zokambirana za mtsinje wa m'malire mpaka asodzi a mbali zonse ziwiri analeka kulandana maukonde. Ndi iwo amene anatsegula njira yoti ana athu azikaphunzira za udokotala kunja. Ndipo pamene anthu athu ogwira ntchito m'mayiko a eni ankamwalira kumeneko, ndi iwo amene ankayenda ofesi ndi ofesi mpaka mtembo utafika kwawo. Atabwerera ku likulu anakhala mkulu wokonza za kalandiridwe ka alendo a boma, ndipo palibe mmodzi wa ife amene sanaphunzire kwa iwo kuti mbendera ya mlendo imaima mbali iti, kuti nduna ziwiri zodana zimakhazikidwa motalikirana bwanji patebulo, ndiponso kuti kazembe wanzeru amamwa madzi pamene wafunsidwa funso loopsa. Anthu amene iwo anawaphunzitsa kumanga tayi anakhala akazembe. Iwo ukazembe sanaulawe mpaka anapuma.

Dzina lakuti a M'thumba linabwera chifukwa cha dzanja lawo lamanja. Linkatuluka m'thumba la jekete pokhapokha popereka moni kapena polemba, likatero n'kubwerera msangamsanga ngati lachita mantha ndi dzuwa. Basi ankaimitsa ndi lamanzere. Pa zithunzi zonse za unduna muwapeza ataima kumapeto kwa mzere, dzanjalo litabisala. Pamisonkhano ya bungwe lathu, tikati ovomereza akweze manja, iwo ankangoyang'ana pansi, ndipo mlembi wathu anazolowera kuwadumpha powerenga. Achinyamata ankaseka kuti mkuluyu akusunga makiyi a dziko m'thumbamo, ena ankati akugwirira chinsinsi cha boma kuti chisathawe. Iwo ankamwetulira pang'ono n'kunena kuti, "Lasanduka laulesi, lisiyeni." Tonse tinkadziwa za chithunzi china chakale chimene dzanja limeneli linaonekera poyera, koma tinkasekabe.

Achinyamata a lero sadziwa mmene zinthu zinalili. Dziko lathu litangomasuka linali ngati banja latsopano limene lalowa m'nyumba isanaikidwe zitseko. Mbendera inalipo, nyimbo ya fuko inalipo, koma doko tinalibe. Mchere, mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala, ngakhale choko cha m'sukulu, zonse zinkabwera pa njanji imodzi yochokera kudoko la anansi athu, ndipo anansi athuwo pa nthawiyo ankalamulidwa ndi boma la anthu ochepa, limene linkatsekera eni nthaka m'ndende akangotsegula pakamwa. Mayiko ena atsopano ankalidzudzula boma limenelo mokweza. Athu a ku likulu ankayang'ana njanji n'kumeza malovu.

Ndiye kunabwera tsiku limene msonkhano waukulu wa mayiko, umene unkachitikira mumzinda wina wozizira wa kutsidya kwa nyanja, unayenera kuvota ngati mayiko onse aleke kuchita malonda ndi boma lankhanzalo. Lamya inalira kuchokera ku likulu, ndipo mawu anali achidule: dziko lathu livote kukana.

M'ntchito yathu munali kachitidwe kamene sikanalembedwe m'buku lililonse, koma aliyense ankakadziwa. Tinkati mpando watsetsereka. Voti ikakhala yochititsa manyazi, mpando wa dziko sunkaloledwa kukhala wopanda munthu, chifukwa a ku likulu ankafunsa. Komanso palibe wamkulu amene ankafuna kuti nkhope yake ioneke pamenepo. Choncho kazembe ankadwala mwadzidzidzi, mlembi woyamba ankapeza ulendo, wachiwiri ankakumbukira ntchito ina yofulumira, mpando n'kumatsetsereka chotero mpaka utafika kwa wamng'ono amene analibe wina pansi pake womutsetserezera. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Kwathu kuntchito mitu ikuluikulu ndiyo inali akatswiri a kulewa.

Pa nthawiyo a M'thumba anali mlembi wachitatu ku ofesi yathu ya mumzinda wozizira uja, mnyamata wa suti imodzi, wongokwatira kumene. A Kazembe anawaitanira m'chipinda chawo chokhala ndi kapeti wofiira, atagwira tsaya.

"Mnyamata wanga, mawa mpando ndi wako. Ine dzino landigwira, ndikupita kukazulitsa."

"Bwana, ine ndine mlembi wachitatu chabe."

"Ndiye kukula kwake kumeneko. Woyamba ali ndi chimfine, wachiwiri akukalandira thumba la makalata ku bwalo la ndege. Ntchito yake ndi yochepa. Akafunsa okana, ukweze dzanja, akawerenga utsitse."

A M'thumba anayang'ana kapeti. "Bwana, mukudziwa kumene akazi anga anachokera. Alamu anga ali m'ndende ya anthu omwewo."

"Ndikudziwa, ndipo n'chifukwa chake ndikukuyankhula ngati bambo ako. Ukakana, ine sindikuchita kanthu, a ku likulu ndi amene akuitanitse. Wamva zimene zikuchitika pa siteshoni ya kumalire masiku ano? Othawa kudoko akuwakweza sitima yomwe anabwera nayo. Mkazi wako amayendera pasipoti yako. Pasipotiyo akakulanda, iyeyo atsala ndi chiyani?"

Anatuluka m'chipindamo. Mayi a m'nyumba, amene pa nthawiyo anali namwino wachitsikana, anali atathawa kwawo, kudziko la anansi athu aja, apolisi atagwira achimwene awo, ndipo tsopano anali ndi pathupi pa miyezi yakutha. A M'thumba anayenda wapansi mpaka kunyumba, mphepo ikuwaluma makutu, ndipo pofika pakhomo anali atatsimikiza kuti sakweza dzanja, zibwere zimene zibwere. Anali mnyamata, ndipo mnyamata amaganiza kuti ulemu wake ndi wake yekha.

Zimene zinachitika m'mawa mwake sitinkazidziwa. Tazimva sabata ino kuchokera kwa mayi a m'nyumba, ndipo tikuzilemba monga anatiuzira.

Ankakhala m'kanyumba kosanja ka zipinda ziwiri, kokhala ndi chotenthetsera m'nyumba chimene chinkagogoda ngati muli munthu m'kati. A M'thumba anakhala patebulo la kukhitchini atavala vesiti, nsapato zosapukuta zili pambali, tiyi akuzizira. Mayi anayala bulangeti mbali ina ya tebulo lomwelo n'kuyamba kusita shati yoyera.

"Musavutike nayo," anatero a M'thumba. "Sindipita."

"Mupita."

"Ndikakweze dzanja kuthandiza anthu amene akumenya alamu anga? Mudzandiyang'ana bwanji?"

Mayi anatembenuza kolala n'kupitiriza kusita. "Achimwene ali kale m'ndende. Dzanja lanu likhale m'mwamba, likhale pansi, chitseko chawo sichitseguka. Mayiko ovomereza ndi ambiri, apambana popanda inu."

"Nanga ine ndidzakhala munthu wanji?"

Apa mayi anaimika simbi, n'kugwira dzanja lamanja la amuna awo, n'kuliika pamimba pawo. Mwana anali akugunda.

"Mukufuna uyu akabadwire kuti? Ine ndende za kwathu ndikuzidziwa, ndinkaperekako mankhwala. Azimayi amaberekera pasimenti, mwana n'kumutenga. Inu muzikakhala ku likulu ndi ulemu wanu, ife tili pasitima. Valani shatiyi isanazizire."

Anavala. Mayi anawamangira tayi okha. Pakhomo a M'thumba anatembenuka n'kunena mawu amene anadzawamanga onse awiri moyo wawo wonse: "Mwanayu asadzamve. Asadzadziwe kuti manyazi awa anadzera iye. Mundilonjeze." Mayi analonjeza.

Holo ya msonkhano inali yodzaza. Masiku amenewo kunalibe mabatani, voti inali ya manja. Pambali pawo panakhala nthumwi ya dziko lina latsopano, mnzawo amene ankagawana naye ambulera ndi nkhani za kwawo. Wapampando atafunsa ovomereza, manja anadzuka holo yonse, ndipo a M'thumba anasiya manja awo pamaondo. Atafunsa okana, kutali uko kunadzuka dzanja la nthumwi ya boma lankhanzalo, kenako awiri kapena atatu a mayiko amene kale ankalamulira anzawo. Kenako linadzuka lawo. Mayi atiuza kuti amuna awo anati dzanjalo linalemera ngati lanyamula ndowa yodzaza, ndipo wowerenga mavoti anachedwa dala. Wina kumbuyo anaimba mluzu. Mnzawo wa ambulera uja anangokoka mpando wake pang'ono kuti utalikire, ndipo kukwekwesa kwa mpandowo pansi a M'thumba anakumva mpaka ukalamba. Wojambula zithunzi anali atagwada kutsogolo kwawo.

Chithunzicho chinayenda dziko lonse lapansi: mnyamata wa shati yosita bwino, dzanja m'mwamba, maso pansi, kutsogolo kwake kuli kathabwa kolembedwa dzina la dziko lathu. A Kazembe anabwera kuntchito mawa lake mano onse ali m'kamwa. Sitima zinapitiriza kubweretsa mchere ndi mafuta, ndipo tonse amene tinali ana pa nthawiyo tinadya mchere umenewo. Mwana wamkazi anabadwira m'chipatala choyera, pabedi. Chaka chisanathe, alamu awo a M'thumba anamwalira m'ndende, ndipo kuyambira pa tsiku limene uthengawo unafika, dzanja lija linalowa m'thumba.

M'ntchito yathu timakonda kunena kuti wotumidwa alibe mlandu. Ndi mawu okoma, koma amagwira ntchito kwa wotumidwa amene sanajambulidwe. Patapita zaka boma lankhanza lija linagwa, eni nthaka anatenga dziko lawo, ndipo mwadzidzidzi aliyense ku likulu kuno anakhala kuti anali bwenzi lawo kuyambira kale. Amene anaimba lamya ija anakwera ndege kukavina nawo pa chikondwerero. Mtsogoleri watsopano wa anansi athu atabwera kudzacheza koyamba, a M'thumba ndi amene anakonza zonse, kuyambira kapeti wa ku bwalo la ndege mpaka makadi a mayina patebulo, ndipo mbendera ya alendowo anaisita okha. Alendo atatsala pang'ono kulowa, mkulu wina anawanong'oneza kuti, "Akulu, nkhope yanu ikudziwika. Mwina muime chakuseri, alendo angakhumudwe." Anaima kuseri kwa katani mpaka phwando linatha, akuwongolera operekera zakudya ndi dzanja lamanzere. Izi zinachitika m'nyumba ya boma lathu, pamaso pa anthu a ntchito yathu, ndipo palibe amene anatsegula kataniyo. Tikulemba zimenezi ndi manyazi aakulu.

Koma chilonda chenicheni sichinachokere kuntchito. Mwana wawo anakula akumva za amalume ake, ngwazi imene kwawo kwa amayi ake anaitchulira msewu, ndipo chithunzi cha amalumewo chinali pakhoma la pabalaza. Ali ku sekondale, mphunzitsi wa mbiri yakale anatsegula buku n'kuonetsa kalasi yonse chithunzi china, nati, "Taonani mmene munthu amagulitsira abale ake atavala tayi." Mtsikanayo anaizindikira nkhopeyo. Madzulo anafika kunyumba osavula yunifolomu, n'kuika bukulo patebulo lodyera, patsogolo pa bambo ake.

"Ababa, uyu ndi ndani?"

"Ndine, mwanangu."

"Munachita zimenezi amalume ali m'ndende?"

"Inde, ali m'ndende."

"Anakukakamizani? Anakuopsezani? Tandiuzani chilichonse."

A M'thumba anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Mayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Mwamuna ndi mkazi anayang'anana, ndipo a M'thumba anapukusa mutu pang'ono, mwakuti mwanayo sanaone.

"Dzanja ndi langa," anatero. "Palibe amene anandinyamulira."

Mtsikanayo anatseka bukulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mawu akuti ababa sanatulukenso m'kamwa mwake. Atamaliza sukulu anawoloka malire kukakhala kwawo kwa amayi ake, kumene mpaka lero amaphunzitsa pa sukulu ya mumsewu wa amalume ake. Makalata ankabwera olembera amayi okha. Pa ukwati wake bambo ake sanaitanidwe. Anaperekeza mayi kukakwera basi, kuwanyamulira chikwama, n'kubwerera kunyumba okha. Zidzukulu anazidziwira pa zithunzi, ndipo ankadziwa kuti uyu ali kalasi yanji, uyu amaopa agalu, uyu anatengera mphumi wa ndani. Ena a ife tinawafunsapo kuti bwanji osapita kukapepesa. Ankayankha kuti, "Mwanayo sanalakwe. Ndinamulera kuti azidana ndi zoipa, ndiye akudana nazo. Ndimudandaule chiyani?"

Lachinayi mayi a m'nyumba anakwera masitepe a ofesi yathu, imene ili pamwamba pa sitolo yogulitsa mapepala ndi zolembera. Anakwera pang'onopang'ono, akupuma pa sitepe iliyonse, ndipo tiyi anakana. Tinawawerengera uthenga umene tinali titakonza kale, wonena kuti malemu anatumikira dziko mokhulupirika ndi modzichepetsa. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mawu amenewo mumalembera aliyense," anatero. "Ngakhale a Kazembe a dzino aja munawalembera omwewo."

Tinasowa poyang'ana. Kenako anatiuza za m'mawa uja, za shati, za simbi, ndi za lonjezo. Sanalire. Atamaliza anapinda kansalu kamene kanali m'manja mwawo n'kunena kuti:

"Musandiyese woyera. Anandiletsa, inde, koma kuletsedwako kunandikomera. Kwathu ndikapita amandikhazika kutsogolo, amandipatsa maluwa, amati mchemwali wa ngwazi wabwera, ndipo amandimvera chisoni kuti ndinakwatiwa ndi munthu wa pachithunzi. Ine ndimalandira maluwawo. Tsiku la buku lija ndikanatha kutsegula pakamwa, koma ndinaopa kuti mwana wanga andiyang'ana mmene ankayang'anira bambo ake. Ndinasankha kukhala ndi mwana, iwo n'kukhala opanda. Amuna anga ankadziwa zimenezi, koma sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi."

Tinawafunsa ngati sikukanakhala bwino kumuuza mwanayo pa lamya, nkhani ya m'banja isafike m'nyuzipepala.

"Ndayesa. Ndikangoti bambo ako, amati, Amayi, tisayambe, n'kudula. Koma nyuzipepala amawerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, anatengera bambo ake. Komanso manyazi a amuna anga anali a poyera, dziko lonse linaona. Bwanji anga akhale a kuchipinda? Lonjezo ndinalisunga iwo ali moyo. Akafuna kundikalipira, akandikalipire ndikawapeza."

Komiti yathu inakumana masana omwewo, pakuti nkhani yotere wapampando sangaitulutse yekha. Ena anati tikuvula unduna pagulu. Ena anati madzi akatayika saoleka, tingowasiya malemu agone. Tikukangana choncho, mkulu wina amene masiku ano amabwera pa njinga ya olumala, amene anapuma ali kazembe wolemekezeka, anagogoda ndodo yake pansi. Iyeyu ndi amene anali mlembi wachiwiri mumzinda wozizira uja.

"Thumba la makalata silinkabwera tsiku limenelo," anatero. "Linkabwera Lolemba. Ndinakhala ku bwalo la ndege tsiku lonse ndikumwa tiyi ndi kuonerera ndege za eni. Mpando uja unali wanga usanafike kwa iye. Lembani zimenezonso."

Titati ovomereza kuti uthenga uno utuluke akweze manja, aliyense anayang'ana dzanja lake ngati akuliona koyamba. Loyamba kudzuka linali la mkulu wa panjingayo, ndipo enawo anatsatira limodzilimodzi. Mlembi wathu powerenga anafika pa mpando wa kumapeto, wa a M'thumba, umene kwa zaka zonsezi ankaudumpha, ndipo analephera kupitiriza.

Sitikunena kuti voti ija inali yabwino. Inali yoipa, ndipo a M'thumba akanakhala oyamba kutikonza tikanayesa kuipaka mafuta. Dziko lathu linaima kumbali ya opondereza pa tsiku limene linayenera kuima ndi oponderezedwa, ndipo anthu a kutsidya kwa malire, amene abale awo anafera m'ndende, ali ndi ufulu wonse wokumbukira zimenezo. Chimene tikunena n'chakuti voti imeneyo inali ya dziko lonse: ya amene anaimba lamya, ya amene anagwira tsaya, ya amene anakamwa tiyi ku bwalo la ndege, ndi ya tonse amene tinadya mchere wa pa njanji ija. Mutu umodzi susenza denga, koma ife tinausenzetsa, kenako n'kuupatsa dzina loseketsa. Bungwe lathu lalembera a unduna kupempha kuti achinyamata olowa ntchito aziuzidwa nkhani imeneyi, ndiponso kuti wolandira lamulo azikhala pampando iye mwini, osautsetserezera kwa wina. N'zochepa, ndipo zabwera mochedwa.

Kwa inu mayi a m'nyumba, m'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, opuma ndi amene akali pantchito, a kuno ndi amene ali m'mayiko akutali, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima. Mwataya mnzanu amene munasenza naye katundu amene ife sitinkamuona, ndipo mwatiphunzitsa kulimba mtima pa msinkhu umene ambiri amasankha kufa ndi zawo. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku akudzawa, akutonthozeni m'nyumba imene yakula mwadzidzidzi, ndipo mzimu wa mkulu wathu upeze mpumulo umene ife tinalephera kuupatsa ali pakati pathu. Kwa abale ndi anansi, tikulira nanu pamodzi.

Ndipo kwa inu aphunzitsi, mwana wa malemu, sitikukulamulani kanthu, pakuti tilibe nkhope yolamulira munthu. Mkwiyo wanu unali wolungama, ndipo bambo anu ankaunyadira. Sitikufuna kuti musenze tsopano manyazi amene iwo anakana kukusenzetsani. Inu munali musanabadwe, ndipo palibe chimene munapempha. Tangofuna kuti mudziwe kumene dzanja lija linagwira lisanakwere m'mwamba.

Maliro adzakhala Loweruka. Amayi anu apempha kuti bokosi lisatsekedwe mpaka basi ya m'mawa yochokera kumalire itafika ndipo onse atatsika. Shati yoyera asita okha. Okonza thupi anafuna kuika dzanja lamanzere pamwamba pa linzake, koma amayi anu anawabweza, akuti lamanja likhale pamwamba, labisala mokwanira.

Wapampando,
m'malo mwa mamembala onse a Bungwe la Akazembe ndi Alembi Opuma